Kumanja, Kum'mwera ndi Ku Chawe

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, kunja kukuzizira, ndinaima pafupi ndi msika waukulu wa Zomba kudikira mnzanga. Mtsikana wina wa ku South Korea, chikwama chili kumsana, anandiyandikira n'kuwerama pang'ono. "Pepani bambo, ndifunseko. Njira ya ku Ku Chawe ndi iti?" Chichewacho anachitola ku Lilongwe, kumene kuli chipatala cha Daeyang Luke chomwe anthu akwawo anatsegula mu 2008. Mlendo salozeredwa ndi chala chokha, choncho ndinamuperekezako, ndipo m'njiramo tinkasinthana mawu.

Choyamba kundigwira mtima chinali "ku Ku Chawe" wakeyo. Sanalakwe yekha, ngakhale ife eni mudzi timatero nthawi zina. Dzina la malowo ndi Chawe. Ku uja ndi kamawu kathu kolozera malo, monga ku Domasi kapena ku Chinamwali. Olemba mapu ndi zikwangwani anamva anthu akuti "tikupita ku Chawe", natenga zonse ziwiri ngati dzina limodzi. Lero hotela ya pamwamba pa phiri la Zomba imadziwika choncho, ndipo yankho la funso lakuti "kuti?" linasanduka dzina.

Ndinamufunsa momwe kwawo amaimitsira munthu panjira. Anati amanena kuti sillyehamnida. Mawuwa anachokera ku Chitchaina: sil ndi kutaya, lye ndi ulemu kapena mwambo. Wofunsayo amayamba wavomereza kuti wataya mwambo pokuimitsani. Ife timati pepani, kenaka timafewetsa pempho ndi ka -ko kakumapeto. Ndifunse ndi mawu a wapolisi; ndifunseko ndi mawu a munthu amene akudziwa kuti akukudyerani nthawi. Kamawu kameneka n'kakang'ono, koma ndimakakonda kwambiri, ndipo zimandiwawa ndikamva ana akukasiya.

Titafika pamphambano ndinati tikhotere kumanja. Tayang'anani mawu amenewa. Dzanja ndi limodzi, manja ndi awiri, komabe dzanja limodzi lokha ndilo timalitcha lamanja, ngati kuti linatenga dzina la onse awiri. Ndilo lodyera nsima, lopatsira moni, lolandirira mphatso. Abale athu Achiyao, omwe ndi ochuluka kuno ku Zomba, amanena mosabisa: kumlyo, kuchokera ku kulya, kudya. Atumbuka amati kumaryero, muzu wake womwewo. Mtsikana uja anaseka ndi chimwemwe, nati kwawo kumanja ndi oreunjjok. Jjok ndi mbali, ndipo oreun anachokera ku olta, kukhala wolondola. Kumanzere ndi oenjjok, kuchokera ku mneni wakale wotanthauza kulakwa. Ndinakumbukira ana amanzere a m'kalasi mwathu omwe ankakakamizidwa kugwira pensulo ndi dzanja lamanja. Anati kwawonso agogo ankachita chimodzimodzi. Mitundu iwiri yotalikirana chotere inaweruza dzanja limodzimodzi, ndipo chiweruzocho chinatsalira m'mawu olozera njira. Kunena zoona, dzanja lamanzere silinalakwe kanthu.

Za dzuwa n'zosavuta. Kum'mawa ndi kumene m'mawa umachokera, kumadzulo ndi kumene madzulo amathera. Chokoma n'chakuti mawa ali m'kati mwa m'mawa, ndipo dzulo ali m'kati mwa madzulo. Munthu akaima paphiripo, pa Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie anaima mu 1965, n'kuyang'ana ku nyanja ya Chilwa, wayang'ana kumene tsiku la mawa lidzatulukire.

Koma kumpoto ndi kum'mwera sikunachokere ku dzuwa. Amenewa ndi mayina a mphepo. Funsani msodzi wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota. Mwera ndi mphepo yamphamvu ya nyengo yozizira, imene imawomba motsata utali wa nyanja ya Malawi, kudzutsa mafunde ndi kusunga mabwato pagombe masiku angapo. Mpoto ndi mnzake wochokera mbali inayo, amene amadza nyengo ya mvula ikamayandikira. Palinso vuma ndi zambwe, n'chifukwa chake achikulire amati kuvuma ponena kum'mawa, ndi kuzambwe ponena kumadzulo. Mwana wa sukulu akamaloweza kuti dziko lathu lili ndi chigawo cha kumpoto ndi cha kum'mwera, sadziwa kuti akulankhula chinenero cha anthu opalasa bwato, omwe moyo wawo unkadalira kudziwa mphepo imene yadzuka.

Apa mlendo wanga anaima chilili. Anati mawu omwe ana a ku Korea amaphunzira kusukulu, dong, seo, nam ndi buk, n'ngobwereka ku Chitchaina, koma amalinyero ndi asodzi akwawo ali ndi awoawo, ndipo nawonso ndi a mphepo, baram. Saetbaram imachokera kuvuma, hanuibaram kuzambwe, maparam ndiye mwera wawo, doenbaram ndiye mpoto, ndipo doen ndi chinthu cholimba, chovuta, pakuti mphepo imeneyi imabwera ndi chisanu choopsa. Mwera wawowo amautchanso apbaram, mphepo ya kumaso, chifukwa nyumba zawo zachikale zinkayang'ana kum'mwera kuti zilandire dzuwa.

Komatu kuno ku Zomba simudzamva wakabaza akuti "pitani kumpoto". Phiri, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndilo limatigawira njira. Timangoti kumtunda ndi kumunsi. Nyumba zakale za boma, za nthawi imene mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, zili kumtunda. Likangala ndi Mpondabwino zili kumunsi. Mtunda ndi malo okwera, ndiponso ndi utali wa ulendo, ndipo aliyense amene anakwerapo msewu wa ku Chawe wapansi akudziwa ndi mawondo ake chifukwa chake mawu amodzi anasenza zonse ziwiri.

Tinafika pamene msewu umayamba kukhotakhota pakati pa mitengo ya paini. Anyamata awiri ankatsika, akukankha njinga zosenza nkhuni zosanjikizana kupitirira mitu yawo. Ndinatukula mkono, n'kuloza ndi mlomo womwe, ndikuti, "Ingotsatani tala yemweyu mpaka ukooo." Anandifunsa chifukwa chake ndakoka mawuwo. Ndinamuuza kuti uko ndi pafupi, ukooo ndi kutali, ndipo mawu akamatalika ulendonso watalika. Anaomba m'manja, nati kwawo amati jjuk gaseyo, lunjikani osakhota, ndipo njira ikakhala yaitali amakoka chimodzimodzi: jjuuuk. Anamangitsa bwino chikwama chake, nawerama kachiwiri, nayamba chitunda.