Tcheni cha njinga yamoto

Tcheni cha njinga yamoto ndi unyolo wachitsulo umene umatenga mphamvu kuchokera ku injini n'kuipereka ku tayala lakumbuyo. Chimazungulira pa magudumu awiri a mano otchedwa masipuloketi: laling'ono lili ku injini ndipo lalikulu lili ku tayala. Tcheni cha mtundu umenewu chinakonzedwa ndi Hans Renold ku Manchester m'chaka cha 1880.

Kukula kwa tcheni

Tcheni chilichonse chili ndi nambala, monga 420, 428 kapena 520. Nambala yoyamba imasonyeza kutalikirana kwa mapini awiri oyandikana. Pa 420 ndi 428 mapini amatalikirana mamilimita 12.7, pamene pa 520 amatalikirana mamilimita 15.875. Nambala ziwiri zotsatirazo zimanena za m'lifupi mwa mpata wolowa mano a sipuloketi. Njinga zambiri za 125cc mpaka 150cc, zimene akabaza amakonda, zimagwiritsa ntchito 428. Nambala ya tcheni iyenera kufanana ndi ya masipuloketi onse awiri. Ngakhale 420 ndi 428 zili ndi mapini otalikirana mofanana, 420 n'chopapatiza ndipo sichikhala bwino pa sipuloketi ya 428.

Utali umawerengedwa ndi mfundo, osati ndi tepi, chifukwa tcheni chakale chimakhala chitatalika kaamba ka kuperepeseka kwa mapini. Mfundo ziyenera kukhala nambala yogawika pawiri kuti cholumikizira chikwane.

Kaikidwe

Makaniko amamasula nati ya ekiselo yakumbuyo n'kukankhira tayala kutsogolo. Kenaka amakoleka tcheni chatsopano pa masipuloketi, nsonga zake n'kukumana pa sipuloketi yakumbuyo. Ngati chatalika, amachotsa mfundo zotsala potulutsa pini. Ndi bwino kuyeza kawiri asanadule, popeza chikafupika pamafunika cholumikizira china, chomwe chimakhala malo ofooka.

Cholumikizira chimatsekedwa ndi kachitsulo kotseguka mbali imodzi. Mbali yotseka iyenera kuloza komwe tcheni chikupita. Akatembenuza, kachitsuloko kangathe kukodwa n'kuthothoka. Pomaliza tayala limabwezedwa kumbuyo mofanana mbali zonse ziwiri, potsata timizere ta pafupi ndi ekiselo. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri, tcheni chiyenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati pa masipuloketi, koma muyezo weniweni umalembedwa m'buku la njingayo. Chikakungika kwambiri chimawononga mabeyaring'i ndipo chingathe kuduka njinga ikalemedwa. Chikakhwefuka chimavuka, ndipo chikakodwa chingaimitse tayala mwadzidzidzi n'kugwetsa okwera.

Ku Mulanje

M'boma la Mulanje njinga zamoto zimanyamula anthu ndi katundu kuchokera m'misika monga Chitakale ndi Limbuli kupita kumidzi, kuminda ya tiyi ndi kuchipata cha Muloza, chomwe chayang'anizana ndi tauni ya Milange ku Mozambique. Msewu wa M2 ndi wa tala, koma yambiri yolowera kumidzi ndi yadothi. Derali limalandira mvula yambiri, kuphatikizapo ya chiperoni m'nyengo yozizira. Madzi amatsuka oyilo n'kubweretsa dzimbiri, pamene fumbi ndi mchenga zikasakanikirana ndi oyilo zimadya chitsulo. Zitunda ndi katundu wolemera zimawonjezera kukoka. N'chifukwa chake tcheni chimatha msanga m'madera otere kusiyana ndi m'tauni.

Kasamalidwe

Tcheni chimatsukidwa ndi palafini ndi kabulashi, n'kuthiridwa oyilo chikauma, injini ili yozimitsa. Chizindikiro choti chatha n'chakuti munthu akachikoka kumbuyo kwa sipuloketi yayikulu, theka la dzino limaonekera. Mano osongoka kapena opindika ngati mbedza amasonyeza kuti sipuloketi nayo yatha. Ena amangochotsa mfundo kuti tcheni chakale chikungike, koma izi sizibwezeretsa mapini operepeseka. Amakaniko amalangiza kusintha tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa mano akutha amawononga tcheni chatsopano mwamsanga, mwini njinga n'kulowanso m'thumba.