Zaka zotayika: mbiri ya sikelo yoyezera matenda

Kwathu ku Santhe fodya amayezedwa aliyense akuona. Belo ikafika ku okushoni ku Chinkhoma, kulemera kwake ndi mtengo wake zimalembedwa. Nanga munthu amene anathyola fodyayo m'mame, nayamba chizungulire ndi kusanza chikonga chitamulowa pakhungu, mavuto ake amayezedwa bwanji? Sikelo yake ilipo, ndipo ili ndi mbiri.

Kale maboma ankayeza umoyo wa anthu powerenga maliro: ana angati amwalira asanathe chaka, munthu akukhala zaka zingati. Amene wachita khungu kapena kupuwala koma osamwalira sankaoneka m'mabuku. Mu 1976, Richard Zeckhauser ndi Donald Shepard analemba za muyezo wa QALY. Chaka cha thanzi langwiro anachipatsa 1, imfa 0, ndipo chaka chodwala chimagwera pakatipo.

Mu 1993, Banki Yaikulu Padziko Lonse inatulutsa lipoti lake la zaumoyo momwe munali muyezo wina, DALY, wochokera ku kafukufuku wa Christopher Murray ndi Alan Lopez. Uwu umawerenga zotayika. Amaphatikiza zaka zimene munthu wataya pomwalira msanga ndi zaka zimene wakhala akudwala, atazichulukitsa ndi kulemera kwa matendawo. Ngati matenda akulemera 0.2 ndipo munthu wavutika nawo zaka 10, wataya zaka 2.

Koma sikeloyi inali yopendekera. DALY yoyambirira inkati chaka cha mnyamata wamphamvu n'chofunika kuposa cha khanda kapena cha agogo. Anthu anatsutsa, ndipo pa kafukufuku wa matenda padziko lonse wa 2010 lamuloli linachotsedwa. Apa m'pamene ndinaona kuti manambala nawonso amakhala ndi maganizo a owapanga.

Izi zimatikhudza. Mu 2004 boma la Malawi linayamba kutsata mndandanda wa chithandizo chofunika kwambiri choperekedwa mwaulere. Pokonzanso mndandandawu mu 2017, Unduna wa Zaumoyo unagwira ntchito ndi akatswiri a yunivesite ya York, omwe anawerengera kuti m'zipatala zathu madola 61 amapulumutsa chaka chimodzi cha thanzi. Chithandizo chodula kuposa pamenepo chimalanda odwala ena mankhwala. Ndalama n'zochepa, choncho sindikutsutsa kuwerengera. Kusankha mwachimbulimbuli kungapweteke anthu ambiri.

Nkhawa yanga ndi yoti sikelo imayeza chokhacho chimene chaikidwapo. Bungwe la Plan International linafunsa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, a ku Kasungu omwe, ndipo lipoti lake la 2009 linati patsiku mwana angathe kuyamwa chikonga chofanana ndi ndudu 50. Mwana wotere akasanza kumunda amangogona pansi pa mtengo, mawa n'kubwereranso. Kuchipatala safika, m'kaundula salowa. Lamulo la 2021 linathetsa utenanti, koma silinabweze zaka zimene mabanja anasiya m'maesiteti.

Choncho mukamva kuti matenda akuti ndiwo akusautsa kwambiri dziko lino, funsani kuti anawerenga ndani, ndipo anawerengera kuti. Pogawa mankhwala, amene sanalembedwe salandira kanthu. Ngati timatha kulemba kilogalamu iliyonse ya fodya wochoka ku Santhe, tingathenso kulemba odwala amene anamulima.