Napolo Alowe M'mabuku a Ana, Koma Gogo Tisamuveke Ufiti

Mtsinje wa Domasi umatsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo chigwa chake chakhala pakati pa maphunziro a mwana wa Mmalawi kwa zaka zoposa 100. Mu 1884 Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni ya Domasi pakati pa Ayao a mfumu Malemia. Mu 1929 boma la atsamunda lidatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzasulidwa. Lero bungwe la Malawi Institute of Education, lomwe limakonza silabasi ndi mabuku a m'sukulu, lili komweko. Choncho amene akufuna kulembera ana nkhani za zinjoka ndi afiti, zonga zimene zadzaza m'mabuku ndi m'mafilimu ochokera kunja, ayenera kuyamba wafunsa mbiri ya chigwa chimenechi. Mbiriyo ikusonyeza kuti chinjoka ndi mfiti si katundu wofanana: china tichilembe mosaopa, chinacho tichigwire mosamala kwambiri.

Chinjoka chathu tili nacho kale, ndipo sicholavula moto. Akuluakulu a m'tsinde mwa phiri la Zomba amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo tsiku limene chafuna kusamukira kunyanja chimang'amba nthaka, n'kutsetsereka ndi matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe. Mu Disembala 1946 mvula idagwa mosalekeza pa Zomba, phiri lidagumuka, milatho idakokoloka, anthu adafa, ndipo aliyense adati Napolo wadutsa. Mu Malichi 1991 dzina lomweli lidamvekanso ku Phalombe pamene phiri la Michesi lidatsanulira matope ndi miyala pamidzi, ndipo lidamvekanso mu 2023 pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche ku Blantyre. Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba yemwe adabadwa mu 1945, adaona kulemera kwa chilombochi n'kutulutsa buku la ndakatulo la Napolo Poems mu 1987, kenaka adalembanso mabuku a ana ochokera m'nthano za makolo. Njira idalambulidwa kale; chosowa ndi olemba oyendamo m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Alipo ena, makamaka m'mipingo ndi m'masukulu, amene amati kuika Napolo m'buku ndi kuphunzitsa mwana zamabodza m'malo momuuza kuti mvula yambiri ndi kudula mitengo ndizo zimagumula phiri. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma akuchepsa nzeru za mwana. Mwana amene adakhala pamoto madzulo n'kumayankha kuti "tili tonse" agogo atati "padangokhala" sadapitepo kutchire kukafuna kalulu wolankhula. Amadziwa malire a nthano. Chimene nthano ya Napolo imamusiyira n'chakuti phiri lili ndi njira zake zakale, kuti khwawa louma lero lidadutsapo madzi ndipo adzadutsanso, kuti sitimanga nyumba m'njira ya mwini phiri. Phunziro la sayansi likabwera limapeza mwanayo ali ndi mantha oyenera kale. Ndiponso Napolo alibe mudzi, alibe mbale, alibe dzina la munthu aliyense. Palibe amene adzagendedwe chifukwa cha iye.

Pa mfiti nkhani ndi ina. Mfiti ya m'mabuku a Azungu, nkhalamba yamphuno yokhota yokwera tsache, idalowa m'manja mwa ana kupha anthu oganiziridwa ufiti kutatha kale. Ku Scotland, kwawo kwa amishoni a Domasi, munthu womaliza kuphedwa ndi lamulo pa mlandu wa ufiti adaphedwa m'zaka za m'ma 1720, pamene abale awiri a Grimm adasindikiza nthano zawo ku Germany mu 1812. Mfiti idasanduka choseweretsa itasiya kukhala mlandu. Kwathu kuno sizinafike pamenepo. Lamulo la 1911 loletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti likadalipo, komabe mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zidaphedwa poziganizira kuti zidatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Ananso sapulumuka: amanenedwa kuti akuphunzitsidwa ufiti, kuti usiku amakwera lichero, ndipo ena amawakakamiza kutchula amene akuwaphunzitsa. Buku lojambula gogo wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, n'kumutcha mfiti, likuika chithunzi cha munthu weniweni m'mutu mwa mwana amene mawa adzafunsidwa kuloza chala.

Wina atsutsa kuti nthano za makolo zili ndi afiti, ndiye kuwachotsa ndi kubisa chikhalidwe. Sindikunena kuti achotsedwe. Koma tikayang'ana bwino nthanozo, choopsa kawirikawiri chimakhala chimphona, fisi wodzisandutsa mkamwini, kapena chilombo cha kudziwe, pomwe nkhalamba yokumana ndi mwana panjira imakhala yomupatsa malangizo opulumukira akaichitira ulemu. Makolo adasiya zoopseza zokwanira popanda kudetsa imvi. Ndipo ngati wolemba akufuna ufiti m'nkhani yake, mbiri yam'patsa nkhani yolimba kuposa ya tsache: mwana amene wakana kuloza agogo ake pamene mudzi wonse wanyamula miyala.

Inu okonza mabuku ku Domasi, ndi inu aphunzitsi amene mukusulidwa kumeneko, phiri la Napolo mumaliona tsiku ndi tsiku mukatuluka m'kalasi. Itanani olemba alilembe m'zilankhulo za ana athu, ndipo buku lililonse lopatsa mfiti nkhope ya gogo wa m'mudzi mulibweze kwa mwini wake akalikonze.