Khomo Lolowera ku Sukulu ya Udotolo

M'dziko la America, mnyamata kapena namwali wofuna kukhala dotolo sangofika pa sukulu ya udotolo ndi kulembetsa dzina. Ayenera kuyamba wakhala pa yunivesite, kawirikawiri zaka 4, naphunzira maphunziro atatu amene ali ngati mafuwa okhalapo mphika wa udotolo. Loyamba ndilo kemisitiri, lofotokoza m'mene zinthu zimasanganikirana ndi kusandulika, monga mchere posungunuka m'madzi kapena khasu pochita dzimbiri. Lachiwiri ndilo bayoloje, phunziro la zamoyo zonse, kuyambira mtengo waukulu kufikira tizilombo tosaoneka ndi maso. Lachitatu ndilo fizikisi, lonena za kuwala, kutentha, kulemera ndi mphamvu ya magetsi.

Maphunziro amenewa sakwanira kuwamva ndi makutu okha. Wophunzira amalowa m'nyumba yotchedwa labotale, m'mene muli masikelo, mabotolo, nyale ndi magalasi okuza zinthu, nayesa yekha ndi manja ake zimene wawerenga m'buku. Mwambo umenewu si wakale ayi. Unakhazikika pakati pa zaka za 1870 ndi 1920, ndipo pokhazikika pake unapulumutsa odwala ambiri, nutsekeranso anthu ena kunja.

Sukulu zamalonda

Zaka za m'ma 1800 zili pakati, sukulu zambiri za udotolo ku America zinali malonda chabe. Madotolo angapo a mu mzinda umodzi ankapangana, nabwereka chipinda, naikamo mabenchi, nalengeza kuti atsegula sukulu. Ndalama zimene ophunzira ankalipira, aphunzitsiwo ankagawana. Chotero kubweza wophunzira pakhomo kunali kutaya ndalama, ndipo kumlepheretsa mayeso kunali kuopsa ena amene akadabwera. Maphunziro ake anali a miyezi ngati 4, mphunzitsi akulankhula, ophunzira akumvetsera. Chaka chotsatira ankabweranso miyezi ina 4 kudzamva mawu omwe aja, ndipo akatero ankalandira kalata ya udotolo. Ena ankatuluka osagwirapo wodwala ndi mmodzi yemwe.

Ngakhale pa Harvard, yunivesite yakale koposa zonse m'dzikomo, zinthu sizinasiyane kwambiri. Charles Eliot atakhala mkulu wa sukuluyo m'chaka cha 1869, anafuna kuti ophunzira udotolo azilemba mayeso papepala. Dotolo wina wamkulu wong'amba anthu anakana, nanena kuti ambiri mwa ophunzirawo kulemba kunkawavuta. Eliot, amene mwini wake anali mphunzitsi wa kemisitiri, sanagonje. M'chaka cha 1871 maphunzirowo anafika zaka 3, chaka chilichonse ndi ntchito yakeyake.

Chimene chinkasautsa anthu onga Eliot ndicho zimene zinkachitika ku Ulaya. Ku Germany, pa yunivesite ya Giessen, Justus von Liebig anayamba kuphunzitsa kemisitiri m'chaka cha 1824, namanga labotale m'mene wophunzira aliyense ankagwira ntchito ndi manja ake tsiku lonse. Mayunivesite ena a dzikolo anatsanzira njirayo. Zipatso zake zinaoneka. M'chaka cha 1882 Robert Koch anaonetsa kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu. Zaka 2 m'mbuyo mwake, dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, anali ataona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria. Zonsezi zinapezeka ndi galasi lokuza zinthu lija, lotchedwa maikulosikopu. Tsono dotolo wosadziwa kuyang'ana m'galasimo anali ngati mlenje wosadziwa mapazi a nyama. Anyamata ambiri a ku America ankaoloka nyanja kukaphunzira ku Germany, nabwerako ndi manyazi pa sukulu za kwawo.

Mphatso yokhala ndi malamulo

Wamalonda wina wa mu mzinda wa Baltimore, dzina lake Johns Hopkins, anamwalira m'chaka cha 1873, nasiya madola 7 miliyoni kuti amangire yunivesite ndi chipatala. Yunivesite inatsegulidwa mu 1876, chipatala mu 1889. Koma pofika pa sukulu ya udotolo ndalama zinaperewera, pakuti chuma chambiri chinali m'kampani ya njanji imene phindu lake linatsika.

Pamenepo panadzuka akazi a mu mzindawo, otsogozedwa ndi Mayi Mary Elizabeth Garrett, amene yekha anapereka madola oposa 350,000. Koma sanapereke chabe. Anaika malamulo ake: akazi alandiridwe mofanana ndi amuna, wolowa aliyense akhale ndi digiri ya ku yunivesite, akhale ataphunzira kemisitiri, bayoloje ndi fizikisi, adziwenso kuwerenga Chifalansa ndi Chijeremani, pakuti mabuku atsopano a sayansi ankalembedwa m'zilankhulo zimenezo. Akuluakulu a yunivesite anaopa kuti palibe amene adzabwera. William Osler, dotolo womveka amene ankaphunzitsa kumeneko, anauza mnzake William Welch moseka kuti iwo anali ndi mwayi polowa ngati aphunzitsi, pakuti akadafuna kulowa ngati ophunzira akadabwezedwa pakhomo. Komabe sukulu inatsegulidwa m'chaka cha 1893 ndi ophunzira 18, atatu mwa iwo akazi. Maphunziro anali a zaka 4: ziwiri m'labotale, ziwiri pambali pa makama a odwala.

Mphunzitsi wa ana ayendera sukulu 155

Sukulu imodzi yabwino sikadatha kusintha dziko lonse. Bungwe la madotolo a ku America linayamba kuyendera sukulu mu 1906, koma madotolo ankazengereza kudzudzula madotolo anzawo poyera. Chotero bungwe la Carnegie, losamala za maphunziro, linasankha munthu wakunja m'chaka cha 1908. Iyeyo ndiye Abraham Flexner, wobadwa mu 1866 mu mzinda wa Louisville. Sanali dotolo konse. Anali mphunzitsi amene anayendetsa sukulu yake ya ana kwa zaka zambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake anadziwa pofunika kuyang'ana.

Flexner anayendera sukulu za udotolo 155 za ku America ndi Canada. Paliponse ankafunsa zinthu zomwezo. Wophunzira amalowa ataphunzira chiyani? Aphunzitsi alipo angati? Ndalama zimachokera kuti? Kodi pali chipatala chimene ophunzira amaonerako odwala? Koma makamaka ankafuna kuona labotale ndi maso ake. Sankakhulupirira mabuku okometsa sukulu amene eni ake ankasindikiza. Ankatsegula makabati, nayang'ana ngati zipangizo zili ndi fumbi.

Iye mwini anasimba za sukulu ina ya mu mzinda wa Des Moines. Mkulu wa sukuluyo anamuyendetsa mofulumira, namuonetsa zitseko zolembedwa bwino maina a malabotale osiyanasiyana. Zitseko zonse zinali zokhoma, ndipo wosunga makiyi akuti sanapezeke. Flexner anatsazika ngati akupita kukakwera sitima, koma anabwerera mobisa, napeza wosunga makiyi uja, nampatsa madola 5. Atatsegula, chipinda chilichonse chinali ndi tebulo, bolodi ndi mipando, popanda chipangizo ndi chimodzi chomwe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Buku la zimene anapeza linatuluka m'chaka cha 1910. Linatchula sukulu iliyonse ndi dzina lake, ndipo manyuzipepala analemba nkhaniyo m'mizinda yonse. Flexner anati sukulu 31 zikadakwanira. Anati sukulu ya udotolo ikhale chiwalo cha yunivesite, ikhale ndi chipatala, ndipo wolowamo akhale ataphunzira sayansi pa yunivesite zaka zosachepera 2. Maganizo ake anali akuti dotolo pambali pa wodwala amachita zomwe wophunzira amachita m'labotale: amayang'anitsitsa, naganiza chimene chingakhale, nayesa, ndipo akaona kuti walakwa amasintha. Munthu amene sanazolowere kutero ali mnyamata sadzayamba atakula.

Sukulu zina zinali zitayamba kale kugwa, pakuti maboma a zigawo anayamba kukhwimitsa mayeso a chilolezo cha udotolo, ndipo labotale imadya ndalama zambiri kuposa zimene ophunzira angalipire. Buku la Flexner linafulumiza kugwako. M'zaka 20 zotsatira, pafupifupi theka la sukulu zija zinatsekedwa kapena kuphatikizana ndi zina. Flexner mwini analowa ntchito m'bungwe la chuma cha Rockefeller, kumene anathandiza kugawa madola mamiliyoni ambiri kwa sukulu zotsata chitsanzo cha Johns Hopkins.

Amene anatsala kunja

Palibe wanzeru amene angalire sukulu ya zipinda zopanda kanthu ija. Koma chikwanje chimene chinadula thengo chinadulanso mbewu. Mwana wa mlimi wosauka, amene kale akadapeza udotolo m'zaka 2, tsopano anafunika ndalama za zaka 6 kapena 8, ndipo madera ambiri a kumidzi anayamba kusowa madotolo. Mwa sukulu 3 za akazi okhaokha zimene zinalipo mu 1910, inatsala imodzi, ya mu mzinda wa Philadelphia.

Anthu akuda ndiwo anapwetekeka koposa. Masiku amenewo sukulu za Azungu za m'zigawo za kumwera sizinkalandira munthu wakuda, ndipo zakumpoto zinkalandira owerengeka. Akuda anali ndi sukulu zawo 7. Flexner anaweruza kuti 2 zokha ndizo zoyenera kukhala: Howard ya ku Washington ndi Meharry ya ku Nashville. Zinazo zinali zosauka ndithu, koma m'malo mwa kunena kuti zithandizidwe, iye anati n'zopanda pake. Analembanso kuti dotolo wakuda aphunzitsidwe makamaka za ukhondo, osati zong'amba anthu, ndi kuti ntchito yake ikhale pakati pa akuda anzake, kutinso matenda awo asafike kwa Azungu. Apa munthu wa maso akuthwa m'labotale anaona monga ankaonera anthu atsankho a nthawi yake. Pofika mu 1923 sukulu 5 zija zinali zitatha. M'chaka cha 2020 bungwe la sukulu za udotolo ku America linachotsa dzina la Flexner pa mphoto imene linkapereka, chifukwa cha mawu amenewa.

Meharry inayamba mu 1876. Anthu amasimba kuti Samuel Meharry, ali mnyamata, ngolo yake ya mchere inatitimira m'dambo usiku, ndipo banja lina la anthu akuda linamusunga, nimuthandiza kuizula m'mawa. Analibe chowapatsa, koma analonjeza kuti adzachitira mtundu wawo chabwino. Atalemera, iye ndi abale ake 4 anapereka chuma choyambitsira sukuluyo.

Anyasa awiri ku Nashville

Pa khomo lopapatiza limeneli panalowa ana awiri a dziko la Nyasaland, limene tsopano ndi Malawi. Woyamba ndiye a Daniel Sharpe Malekebu, amene anaphunzira pa mishoni ya a John Chilembwe ku Chiradzulu, natsata mphunzitsi wawo, Mayi Emma DeLany, mpaka ku America. Anatsiriza udotolo pa Meharry m'chaka cha 1917, ndipo mu 1926 anabwerera kudzatsegulanso mishoni ija, imene Boma linagwetsa itatha nkhondo ya Chilembwe ya mu 1915.

Wachiwiri ndiye a Hastings Kamuzu Banda, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri woyamba wa Malawi. Iwo anafika ku America mu 1925, malamulo atsopano aja atakhazikika kale, ndipo ulendo wawo uonetsa kutalika kwa makwererowo. Anayamba ndi sukulu ya sekondale ya Wilberforce m'chigawo cha Ohio, natsiriza mu 1928. Anapita ku yunivesite ya Indiana kukaphunzira sayansi yokonzekera udotolo, kenaka ku yunivesite ya Chicago, kumene analandira digiri mu 1931. Ali ku Chicago komweko anathandiza katswiri wa zilankhulo, Mark Hanna Watkins, kulemba buku la malamulo a Chichewa. Pamene ankalowa pa Meharry, sukuluyo inali itangosamukira m'nyumba zatsopano, zomangidwa mu 1931 ndi thandizo la bungwe la Rockefeller lija. Analandira udotolo mu 1937, patapita zaka 12 chifikire m'dzikomo.

Ngakhale zinatero, kalata ya ku America sinali yokwanira kugwirira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. A Banda anayenera kuoloka nyanja kupita ku Edinburgh, ku Scotland, kukaphunziranso ndi kulemba mayeso ena, ndipo anapambana m'chaka cha 1941. Kwawo kunalibe sukulu ya udotolo kufikira m'chaka cha 1991, pamene yoyamba inatsegulidwa mu mzinda wa Blantyre.