Notre Dame Fighting Irish: mbiri ndi miyambo yake

Notre Dame Fighting Irish ndi timu ya yunivesite ya Notre Dame yomwe ili pafupi ndi mzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Timuyi imasewera mpira wa ku America, womwe ndi wosiyana ndi mpira wamiyendo: mpira wake ndi wooneka ngati dzira, ndipo osewera 11 a mbali iliyonse amathamanga nawo kapena kuponyerana ndi manja mpaka kukaufikitsa kumapeto kwa bwalo.

Chiyambi

Yunivesiteyi inakhazikitsidwa mu 1842 ndi wansembe wa Katolika wochokera ku France, Bambo Edward Sorin. Masewero oyamba a timuyi anachitika mu 1887 ndipo inagonja 8-0 kwa Michigan. Dzina lake linayamba kumveka mu 1913 itathambitsa timu ya sukulu ya asilikali ya Army 35-13. Tsikulo, Gus Dorais ankaponyera Knute Rockne mpira kutsogolo mobwerezabwereza, njira yomwe matimu ambiri anali asanaizolowere.

Dzina loti Fighting Irish linavomerezedwa mu 1927. Nthawi imeneyo Akatolika, makamaka ochokera ku Ireland, ankasalidwa ku America, moti mu 1924 ophunzira a pa Notre Dame anamenyana ndi gulu latsankho la Ku Klux Klan m'misewu ya South Bend. N'chifukwa chake Akatolika ambiri osauka, ngakhale omwe sanapondeko payunivesiteyi, anaitenga timuyi ngati yawo.

Nthawi ya Rockne

Rockne, yemwe anabadwira ku Norway, anaphunzitsa timuyi kuyambira 1918 mpaka 1930. Anapambana masewero 105, kugonja 12 ndi kulepherana mphamvu kasanu, ndipo anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1924, 1929 ndi 1930. Anamwalira pangozi ya ndege ku Kansas pa 31 Marichi 1931. Mufilimu yofotokoza za moyo wake yomwe inatuluka mu 1940, Ronald Reagan, yemwe pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dzikolo, anasewera ngati George Gipp, katswiri wa timuyi amene anamwalira akadali mnyamata mu 1920.

Aphunzitsi ena anapitiriza pomwe Rockne anasiyira. Frank Leahy anapata ukatswiri kanayi (1943, 1946, 1947 ndi 1949), Ara Parseghian kawiri (1966 ndi 1973), Dan Devine mu 1977, ndipo Lou Holtz mu 1988. Zonse pamodzi ndi 11. Osewera ake 7 analandirapo mphoto ya Heisman, yomwe imapita kwa wosewera wopambana onse m'mayunivesite chaka chilichonse.

Miyambo

Zipewa zodzitetezera za osewera zimapakidwa utoto wosakaniza ndi golide weniweni, potengera denga la golide la nyumba yaikulu ya payunivesiteyi. Patsiku la masewero a pakhomo, osewera amayamba akhala nawo pa nsembe ya Misa asanapite kubwalo lawo, lomwe linatsegulidwa mu 1930. Potuluka m'chipinda chovalira, aliyense amamenya ndi dzanja chikwangwani chomukumbutsa kusewera ngati katswiri. Chakumpoto kwa bwaloli, pakhoma la nyumba yowerengeramo mabuku, pali chithunzi chachikulu cha Yesu atakweza manja. Ochemerera anachitcha Touchdown Jesus chifukwa umo ndi momwe oimbira amakwezera manja timu ikagoletsa.

Mkangano wake ndi USC unayamba mu 1926, pomwe Navy anayamba kukumana nayo mu 1927. Ubale ndi Navy ndi wozama: pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a pamadzi ankaphunzitsira anthu awo pa Notre Dame, zomwe zinapulumutsa yunivesiteyi pomwe ophunzira anali atachepa.

Lero

Pomwe matimu ena akuluakulu ali m'mabungwe a m'zigawo, Notre Dame imaima payokha, ndipo wailesi ya kanema ya NBC yakhala ikuonetsa masewero ake a pakhomo kuyambira 1991. Koma chikho chakhala chikuizemba kuchokera 1988. Mu Januwale 2025, Marcus Freeman anakhala mphunzitsi woyamba wachikuda kufikitsa timu m'ndime yomaliza ya mpikisano waukulu wa mayunivesite, koma Notre Dame inagonja 34-23 kwa Ohio State.