Nkhungu m'nyumba za lendi: lamulo linalipo, tsiku panalibe

Ku England ndi Wales, udindo wa mwininyumba woonetsetsa kuti nyumba ya lendi ndi yoyenera kukhalamo munthu unalembedwa kalekale, mu 1885. Koma lamulolo linkateteza okhawo olipira lendi yochepa, ndipo malire omwe anaikidwa mu 1957, mapaundi 80 pachaka ku London ndi 52 kwina konse, sanakwezedwenso. Lendi itakwera, lamulo linangotsala papepala. Makhoti nawo sanathandize. Mu 1985, pamlandu wa Quick ndi khonsolo ya Taff-Ely, khoti la apilo linagamula kuti ngakhale nkhungu iwononge zofunda ndi mipando, khonsolo siyikakamizidwa kukonza ngati khoma kapena zenera silinawonongeke.

Eninyumba akhala akunena kuti chinyontho amachiyambitsa ndi olipira lendi eniake pophika, posamba ndi poyanika zovala m'nyumba. Nthunzi imachokeradi kumeneko, koma ndi banja liti lomwe siliphika? Nyumba yosatulutsa nthunzi ya mumphika ndiyo ili ndi vuto. Maganizo oloza chala olipira lendiwa ndi omwe makolo a mwana wina, Awaab Ishak, anakumana nawo ku Rochdale. Bambo ake atadandaula mu 2017 ku bungwe la nyumba la Rochdale Boroughwide Housing, anauzidwa kuti angopakapo penti. Mwanayo anamwalira mu Disembala 2020 ali ndi zaka ziwiri, ndipo mu Novembala 2022 wofufuza za imfa, Joanne Kearsley, anapeza kuti anafa ndi matenda a m'chifuwa obwera chifukwa chopuma nkhungu nthawi yaitali. Chowawa n'chakuti lamulo la 2018 lochotsa malire a lendi aja linali litayamba kale kugwira ntchito. Ufulu unalipo, koma kuti uupeze unkayenera kukasuma, mwana akutsokomola.

N'chifukwa chake lamulo la Awaab, lomwe linayamba pa 27 Okutobala 2025 ku England, linabweretsa chomwe chinkasowa: tsiku. Khonsolo kapena bungwe la nyumba liyenera kufufuza nkhungu yoopsa pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, kuchotsa chiopsezocho m'masiku ena 5, ndipo zadzidzidzi m'maola 24. Mabungwe akudandaula kuti nyumba zambiri ndi zakale ndipo ndalama n'zochepa. Dandaulolo ndi lomveka, koma likapite kuboma. Asalisenze mwana wogona pafupi ndi khoma lonyowa. Olipira lendi kwa eninyumba wamba nawonso apatsidwe masiku omwewa mosachedwa.