Damu la Lifupa ndi Nkhalango ya Kasungu

Abale amene mugona m'mahositelo a kuno ku Dubai, ambiri a inu munakwerako basi tsiku lopuma kukaona damu la Hatta pakati pa mapiri a Hajar, kapena ku Al Qudra kumene anthu anacita kukumba nyanja zazing'ono m'cipululu kuti mbalame zizimwa. Ndipo pokumana m'masitolo a ku Al Muraqqabat ena amati zotere kwathu kulibe. Kuliko ndithu. Kumadzulo kwa boma la Kasungu, kufupi ndi malire a Zambia, kuli damu laling'ono la Lifupa, ndipo mbiri ya malo amenewo iyenera kudziwika kwa ife tonse, makamaka ocokera kwa Chulu, kwa Lukwa ndi kwa Kawamba.

Damulo si la simenti monga madamu akuru. Ndi khoma la dothi lotseka kamtsinje ka Lifupa. Amene anagwirako nchito ya misewu adziwa mamangidwe ace: athira dothi pang'ono, alinyowetsa, alitsendera, athiranso lina pamwamba, kufikira khoma litakwera. Pakati aikapo dongo loti madzi asapyole, kunja abzala udzu, ndipo pambali asiya njira yotayira madzi a dzinja, pakuti madzi akangosefukira pamwamba pa khoma la dothi, usiku umodzi wokha ukwana kulikokolola. Adani ace ndi ciswe, mizu ya mitengo ndi ulesi wa osamala.

Madziwo sauma m'cilimwe. Mvuu zikhala momwemo caka conse, ndipo mitsinje ina ikaphwa, njobvu zitsika kudzamwa ndi kusamba. Pagombe pali nyumba za alendo, Lifupa Lodge, kumene munthu angakhale pakhonde naona zonsezi osayenda mtunda.

Koma mlendo wokhala pakhondepo sadziwa kuti thengo limene aliona linali midzi. Acewa anakhala m'dzikomo zaka mazanamazana. Kufikira lero m'nkhalango muli ng'anjo zosungunulira citsulo, muli zojambula za anthu akale pamiyala, muli mabwinja a malinga amene makolo anamanga masiku a nkhondo. Cimene cinawacotsa ndi kashembe. Nchenche imeneyi ifalitsa nthenda ya kaodzera, ndipo m'caka ca 1922 Boma la Nyasaland linasamutsa anthu a kumeneko, malowo nakhala nkhalango ya Boma. Kunena zoona, nthendayo inali yoopsa ndipo inali kupha. Koma tiyenera kuonanso kuti anthu atacoka sanaloledwe kubwerera. M'caka ca 1930 malowo anasanduka osungirako nyama, ndipo mu 1970, pa ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda, yemwenso kwao kunali ku Kasungu komweko, anachedwa Kasungu National Park. Kukula kwace ndi makilomita oposa 2,300 m'bwalo lonse, ndipo mwa mapaki a m'Malawi aposedwa ndi Nyika yokha. Zidzukulu za osamutsidwa aja zakhala zikupempha Boma malo olima, popeza manda a makolo ao anatsala mkati, ndipo minda ya fodya ndi cimanga yafika kale pamalire penipeni.

M'zaka za m'ma 1970 Kasungu anali wochuka. Njobvu zinali zoposa 1,000, njati zinali kuyenda m'magulu akuru, ndipo Azungu ndi akuluakulu a Boma ocokera ku Lilongwe anali kudzagona ku Lifupa pa Loweruka. Zitatero kunadza opha nyama mobisa, ena a m'midzi yathu, ena oolokera ku Zambia, ofuna minyanga ndi ndiwo. Cipembere cinatheratu. Pofika caka ca 2015 njobvu zinatsala ngati 50 zokha. Taganizani, abale: m'zaka makumi anai cabe.

Tsono Boma, pamodzi ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, linaganiza zobwezeretsa nyama. M'miyezi ya June ndi July 2022 anagwira njobvu 263 ku Liwonde, kumene zinacuruka kopambana, nazigoneka ndi mankhwala, nazikweza m'malole kupita nazo ku Kasungu, pamodzi ndi nyama zina 431, monga njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Inali nchito yaikuru, ndipo manyuzipepala a maiko ambiri anailemba.

Apa ndi pamene nkhani iwawa. Njobvu sidziwa malire a Boma. Mpanda wa magetsi unali usanazungulire nkhalango yonse, ndipo nyamazo zinayamba kuturuka usiku kulowa m'minda ndi kuphwasula nkhokwe, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe. Anthu anafa, ena ali m'munda mwao. M'caka ca 2025 zinamveka kuti anthu ena a m'malirewo anapita kwa maloya a ku London kukadandaula za IFAW. Bungwelo likana kuti mlandu ndi wace, nanena kuti mwini nyama ndi nkhalango ndi Boma. Ife sitiri oweruza. Koma amene atumiza madiramu kumudzi kuti agule feteleza adziwa cimene citanthauza kumva pa foni kuti munda wonse wadyedwa usiku umodzi, ndipo ndiganiza kuti mpanda ukadayenera kutha malole asanafike.

Amene mudzapita ku chuthi m'cilimwe, msewu wa ku Lifupa ucokera m'tauni ya Kasungu kulowera kumadzulo, nulowa m'nkhalango pa cipata ca Lisitu. Nthawi yabwino yoona njobvu padamu ndi September ndi October, dzuwa litapendeka.